Tsiku limene ndinathawa ndi apongozi

Chotsa foni yakoyo pamphuno panga, Takondwa. Ndaona. Moto ukuphulika kumwamba, anthu akukuwa, ndiye wati chiyani? Wati agogo zotere sanazionepo chibadwire? Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Ine ndinakulira m'mphika, wondivundukula ndiwe lero.

Khalani pansi ana inu, dzuwa ili silolola munthu kupita kunazale. Makombola mukuonera pa kagalasi kochepa ngati chikhatho cha khandawo, ine ndinawaona ndi maso anga awa, fungo lake ndinalimva, ndipo anandidyera tambala. Agogo anu aakazi ali pakhondepo akunamizira kusankha nyemba, koma khutu lili kuno. Asiyeni, alowerera nkhani ikafika powakomera.

Ine kwathu n'kwa Wimbe. Kuno kwa Kaomba ndinabwera ngati mkamwini, kudzakhala kwawo kwa mkazi, monga mwa mwambo wathu. Inu a masiku ano mukapezana pa foni, mawa lake mwachita lendi kachipinda pa boma, apongozi mumawapatsa moni wa pamanja ngati anzanu a mpira. Yamikani, mlamu wako uja ndinamuona tsiku lija atakhala benchi imodzi ndi amayi ako, akutapa chinangwa m'mbale imodzi, akuseka mpaka mano a kumapeto kuonekera. Chitukuko chimenecho. Ife ukaona apongozi akubwera panjira unkapatukira kutchire, kaya muli minga kaya chitedze, zimenezo zinali zako. Ndinakhala pamudzi pano mpaka mwana kubadwa nkhope ya apongozi anga osaidziwa. Ndinkadziwa mapazi awo, katsokomoledwe kawo ndi mawu awo, basi. Mawuwonso sankabwera kwa ine mwachindunji. Akafuna kundiuza kuti denga la nkhokwe likudontha, ankauza galu, nkhuku kapena mwana aliyense wodutsa, mokweza bwino, ine ndili chapomwepo. Galu wa pamudzi pano analandira malangizo ambiri kuposa munthu wina aliyense, koma wofolera nkhokweyo ndinali ine.

Ntchito ya mkamwini musaifunse. Tambala woyamba ndili kudambo ndi makeni awiri kuthirira nazale ya fodya. Dzuwa likakwera ndili kutchire kudula mikangala yopachikira fodya m'chigafa. Madzulo kunazale konkuja. Nthawi yokolola zala zinkada bii ndi utomoni wa masamba, ukagwira chakudya chimawawa. Mkamwini anali ng'ombe yodziwa kunena zikomo. Sindikudandaula, fodya ameneyo ndiye analera amayi anu. Koma mtima wanga sunali pano.

Kwathu kwa Wimbe ndinasiya amayi anga okha. Tinabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga, ndipo mukudziwa kuti wosunga mayi pamudzi ndi mwana wamkazi. Mlongo wangayo anamwalira pobereka, mwana yemwe osatsala. Chaka chotsatira maso a amayi anayamba kuchita nkhungu, kenako anatsekeka. Nditapita kukawaona ndinapeza amanga luzi kuchokera pachitseko mpaka kuchimbudzi, lina mpaka pamtsuko wa madzi, akuyenda chogwira luzilo. Phazi lawo linali ndi bala, anaponda khala la moto. Achibale analipo, inde, a mtundu uja wobwera maliro akachitika. Ndinabwerera kuno njira yonse ndikulira ngati mwana, ndipo sindichita manyazi kukuuzani.

Njira inali imodzi, kupempha chitengwa, kuti andilole kutenga mkazi wanga tikakhale kwathu. Ndinapita kwa a Zefaniya, atsibweni a agogo anuwa, mkulu wa mpingo, munthu woyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu ake asanawatulutse. Apa mvetserani nzeru za agogo anu. M'malo monena kuti amayi anga saona, ndinati kwathu nthaka ndi yabwino, fodya amatalika kupitirira munthu. Ndinkaona ngati mwamuna sapempha ndi misozi, komanso sindinkafuna a kuno aziti akwatitsa mwana wawo ku mudzi wa anthu osasamalana. Ngakhale mkazi wanga sindinamuuze za luzi lija. A Zefaniya anati amva, akafunsa mlongo wawo. Mlongo wawoyo, apongozi anga, anauza galu kuti nthaka ya kwa Kaomba sinayambe yagonetsa munthu ndi njala. Nkhaniyo inayenda choncho, lero mawa, lero mawa, mpaka anati yankho lenileni adzapereka Lamulungu lina la mwezi wa Novembala tikaweruka kutchalitchi.

Ndisanafike pa makombola, ndikuuzeni za nsalu. Chaka chimenecho titagulitsa fodya ndinapita pa sitolo ya a Saidi kukagula zitenje ziwiri, china cha mkazi wanga, china cha apongozi, chowafewetsera mtima. Ndinafika mochedwa, anthu atasesa kale zokongola zonse. Panatsala mpukutu umodzi wobiriwira wa nkhanga. A Saidi anandichenjeza kuti mkazi ndi apongozi sawaveka zofanana, ndidikire katundu wa sabata yamawa. Ine, wanzeru zanga, ndinati dulani pawiri. A Saidi anadula, akupukusa mutu.

Masiku amenewo ndinkagwirako ganyu pa esiteti ina ya fodya, kutsidya kwa dambo lalikulu lija. Woyang'anira anali mzungu, tinkamutcha Chipewa chifukwa palibe anaonapo pamutu pake. Tsiku lina kapitawo anatisonkhanitsa nati Loweruka madzulo kuli mwambo wa kwawo kwa bwana, ofuna abwere ndi mabanja awo. Anatifotokozera kuti kwawoko nyengo imeneyi masamba amayoyoka, kuzizira kumayamba, ndiye amakumbukira munthu wina amene kalekale anafuna kuphulitsa nyumba ya mfumu yawo. Munthuyo anamugwira, anamupha, koma mkwiyo sunathe, moti chaka ndi chaka amapanga wina wa udzu n'kumuotchanso. Anthu ake omwewo ndi amene anatibweretsera chiphunzitso chakuti tizikhululukirana. Kwawoko poti kukuzizira, moto uli ndi nzeru. Kuno mwezi wa Novembala, nyenje zikulira, buluzi yemwe akufuna mthunzi, Chipewa ankasonkha chimoto chotalika ngati nyumba pafupi ndi zigafa za udzu. Koma munthu wa nsapato salakwa.

Ine ndinaona mwayi. Ndinati ndikawaonetsa a kuchikamwini zodabwitsa Loweruka, Lamulungu mitima idzakhala ili yofewa. Ndinabwereka ngolo. Anakwera agogo anuwa a Nabanda, apongozi, a Zefaniya, ndi Esinati, amayi ako iwe Takondwa, amene nthawiyo anali khanda longoyamba kukhala pansi. Anatenga chigubu cha thobwa ndi dengu la masuku. Ine ndinayenda pansi kutsogolo kwa ng'ombe, khosi lili gwa, osacheuka, poti kumbuyoko kunali nkhope yosayenera kuonedwa. Ndinkangomva apongozi akumuimbira mwana njira yonse. Inu ulendo wotere mumakwera kabaza wa njinga yamoto, n'kufika mukudandaula msana.

Tinafika dzuwa likulowa. Panali chingwe. Mbali ina kapinga, mipando, azungu ndi ana awo. Mbali yathu fumbi ndi anthu a m'midzi yonse yozungulira, amayi kwaokha, abambo kwaokha. Pamwamba pa mulu wa nkhuni panakhala munthu wa udzu uja. Ana inu, anamuveka jekete, buluku ndi nsapato. Nsapato zenizeni, ziwiri, zofanana. A Zefaniya, amene jekete lawo lolalikira nalo linali ndi zigamba m'zigongono, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandinong'oneza kuti jekete lija lili ndi mabatani onse. Moto utayatsidwa, ana a azungu anaomba m'manja, a Zefaniya anavula chipewa ngati ali pamaliro. Zathu za kudambwe ankati n'zachikunja, koma kuotcha jekete lamoyo kunali kutsogola.

Kenako anayamba makombola. Apa sindinama, zinali zokongola. Kanthu kankakwera kakuimba mluzu, n'kuphulika, n'kugwa ngati maluwa ofiira, ena obiriwira, ena oyera ngati ufa. Ndinaiwala nazale, ndinaiwala Lamulungu, kukamwa kuli yasa. Foni yakoyo, Takondwa, siingakupatse kugunda kuja kumene kumalowa m'chifuwa.

Makombola akuluakulu ankawaimika m'mabotolo kuti alunjike kumwamba. Botolo lina linagwa atayatsa kale. Chinthucho m'malo mopita kwa Mulungu chinabwera kwa ife. Chinadutsa pansi pa chingwe chikulira, chinakwawa pakati pa miyendo ya anthu, n'kukaphulikira pansi pa ng'ombe zanga zobwereka. Masiku amenewo wailesi inkangokamba za nkhondo ya m'dziko loyandikana nalo, ndiye munthu wina, amene mpaka lero sanadziulule, anakuwa kuti nkhondo yafika. Zinathera pomwepo. Ng'ombe zinanyamuka ndi ngolo, thobwa yense pansi. Anthu anabalalika ngati nyerere zothiridwa phulusa, fumbi koboo. A Zefaniya, amene Lamulungu lapitalo analalikira kuti Mkhristu saopa imfa, tinawapeza pambuyo pake ali m'chitsime cha nazale, madzi ali m'chiuno.

Amati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, koma ine sindinathawe ndekha, mulembe zimenezo. Ndinathamangira kumbali ya amayi. M'fumbimo ndinaona chitenje chobiriwira cha nkhanga, mwini wake atadzifunda kumutu. Ndinagwira dzanja n'kuliyatsa liwiro.

Mwamva? Agogo anu akufunsa ngati sindinaone kuti kumsana kulibe mwana. Mayi, funso limeneli mwandifunsa chaka chilichonse chichitikireni zimenezi. Mwana ndinkadziwa kuti ali ndi agogo ake, amene anamuimbira njira yonse. Pitirizani nyemba zanuzo.

Tinadutsa m'mizere, tinalumpha ngalande, mpaka kuseri kwa chulu chachikulu. Ndinadabwa pang'ono kuti mkazi wanga wayamba liti kupuma ngati mvukuto, koma ndinati ndi mantha. Tinakhala pansi, dzanja ndili chigwirire. Kumbuyoko kunkaphulikabe, poti Chipewa sanaone chifukwa choimitsira mwambo wa makolo ake kaamba ka anthu ochepa othyoka miyendo. Ine ndinali nditazindikira tsopano kuti si nkhondo. Koma munthu ukapulumuka, lilime limamasuka, ndipo kunali kamdima, ndipo pamudzi pano malo oyankhula ndi mkazi wako popanda makutu ena kunalibe.

Ndinayamba ndi zoipa. Ndinati amayi akowo mtima wawo ndi mwala wa mphero. Ndinati ndatopa kulandira malangizo kudzera kwa galu. Ndinawonjeza kuti thobwa wawo ndi wowawasa, ndimangomwa mwaulemu. Mnzangayo anali chete. Ndinati lero ndiye wandimvera bwanji mkazi ameneyu. Kenako mawu anasintha okha.

"Nabanda, ndinanama za nthaka. Kwathu ndi mchenga, fodya satalika n'komwe. Amayi saona. Amayenda chogwira luzi, ndipo aponda moto. Alibe wowatungira madzi. Mawa akakana chitengwa, ine ndipita ndekha. Si kuti sindikukufuna, iwe ndi mwanayu ndinu moyo wanga. Koma sindingamadye kuno amayi anga akufufuza mtsuko ndi manja."

Dzanja lija linali likadali m'dzanja langa. Ndinalifinya kulitonthoza. Nthawi yomweyo Chipewa anaponya lalikulu lotsekera mwambo, loyera, lija limakhalitsa kumwamba. Dziko lonse linawala ngati masana. Chitenje chinali chitatsika kumutu. Ndinaona imvi, ndinaona mphini m'masaya, ndi maso awiri akundiyang'ana, muli misozi. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo, koma mapazi ndinawadziwa.

Ndinataya dzanjalo ngati ndagwira mbaula. Kuthawa ndinalephera. Ndinatembenuka, ndinagwada choyang'ana chulu, n'kuyamba kuomba m'manja, kupepesa chiswe. Apongozi ndinangowamva akudzuka, akusasa fumbi, mapazi aja akupita.

Nditabwerera pachingwe paja ndinapeza anthu atatsala owerengeka. Pakati pawo panali agogo anuwa, ataima pomwe ndinawasiya, mwana ali kumsana, akudya masuku. Sanathawe ngakhale phazi limodzi. Anaonera zonse, za kumwamba ndi za pansi zomwe. Analavula njere nati, "Mwabwerako? Nanga amayi mwawasiya kuti?"

Tinabwerera wapansi, poti ng'ombe zinali zitafika kale kwa mwini wake ndi theka la ngolo. Ine ndinayenda patsogolo patali, ngati wosawadziwa anthuwo. Kutacha mudzi wonse unali utamva. Popita kutchalitchi mnzanga wina anandikumbutsa kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma iwe waona kung'anima n'kuthawa ndi mphezi yomwe m'manja. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinkadziwa zimene ndinanena kuseri kwa chulu, za mwala wa mphero ndi za thobwa, ndipo ndinkadziwa kuti chitengwa ndachikwirira ndekha.

Titaweruka tinakhala pansi pa mtengo wa mango uwo, nthawiyo unali waung'ono. A Zefaniya anabwera chotsimphina. Za m'chitsime sanazitchule, ndipo palibe anawafunsa. Anati milandu ilipo iwiri. Woyamba, mkamwini wagwira apongozi ake dzanja pamaso pa anthu, alipire tambala. Wachiwiri, chitengwa chakanidwa, chifukwa Nabanda ndi mwana wamkazi mmodzi yekha amene mlongo wawo watsala naye, enawo ali kumanda, ndipo akachoka pakhomo pazizira. Ndinadikira kuti atchule zamwano zija. Sanatchule. Ndinazindikira kuti apongozi sanauze munthu.

Ndinaomba m'manja kuthokoza, poti mkamwini amathokoza ngakhale pomukana. Ndinakagwira tambala wanga yekhayo n'kumupereka. Kenako ndinalowa m'nyumba, ndinayamba kupinda bulangete. Apa m'pamene ndinamuuza mkazi wanga za luzi, kachiwiri tsopano, koma kwa mwini wake. Sanandinyoze tsiku limenelo, ndipo ndi tsiku lokhalo. Anakhala pamphasa akulira mosatulutsa mawu. Sindinawakwiyire apongozi. Zimene ankaopa iwo n'zomwe zinawagwera amayi anga, ndipo ine ndinali kupempha kuti luzi lichoke kwa Wimbe lidzamangidwe kuno. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa panalibe wolakwa woti ndimude.

Ndikumanga khasu langa pa bulangetelo, ndinamva kutsokomola kuja kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anali atakhala pamenepo ndi Esinati pamiyendo, khanda loti ngakhale "mama" silinkatha. Anayamba kuyankhula nalo mokweza, monga ankachitira ndi galu.

"Esinati, ukawauze bambo ako amasule katunduyo. Mawa akabwerekenso ngolo, ngati mwini wake angawakhulupirirenso. Akawatenge amayi awo. Mudzi uno maso ulipo nawo okwanira. Munthu wosaona safuna luzi, amafuna dzanja."

Kenako anati, "Ndipo kugwira dzanja bambo akowo amatha, ndaona ndekha. Za thobwa uwauze kuti azimwabe mwaulemu."

Ndinakhala pansi pomwepo, khasu lili m'manja. Agogo anuwa anayamba kuseka misozi ili m'masaya.

A Zefaniya anayesa kunena kuti zimenezi sizichitika, mayi wa mkamwini sakhala kuchikamwini kwa mwana wake, anthu adzati chiyani. Mlongo wawo anauza nkhuku kuti anthu ena amadziwa mwambo kwambiri akatuluka m'chitsime. Nkhani inathera pomwepo.

Amayi ndinakawatenga. Poyamba anakana, ati adzafera pamudzi pa eni. Atafika, amene anawalandira pa ngolo anali apongozi, anawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'nyumba mwawo momwe. Luzi lija linatsala kwa Wimbe, chiswe chinadya. Ndiye onani phindu la nzeru zanga. Ndinapita kukapempha kuti ndichoke pansi pa ulamuliro wa mayi mmodzi, ndinapezeka ndili pansi pa awiri. Ankakhala pakhonde limodzi tsiku lonse, wina akuona zolakwa zanga, wina akufotokoza kuti ndinayamba ndili mwana. Galu anapuma pantchito, malangizo ankadutsa mwa amayi anga. Ine ndi uyu, mkamwini mpaka lero, mano atha m'kamwa ndili pamudzi pa eni, ndipo n'chifukwa chake inu munabadwira kwa Kaomba.

Lamulungu lililonse ankapita kutchalitchi awiriwo, apongozi patsogolo atavala chitenje cha nkhanga chija mpaka chinayera, amayi anga pambuyo atagwira dzanja lawo. Ine ndikawaona akubwera ndinkapatukirabe kutchire, mwambo sunathe. Ndinkaima m'mingamo n'kumamvera mapazi anayi akudutsa. Amayi atadwala matenda awo omaliza, amene ankawamwetsa phala anali apongozi, ndipo amene anawatseka maso aja ndi iwo omwe.

Chipewa anapita kwawo kalekale, esiteti ija anagawana anthu, pomwe panali kapinga pali chimanga cha a Zefaniya aang'ono. Makombola tsopano mumagula pa boma ngati maswiti, n'kumaopseza nawo mbuzi pa Khirisimasi. Chulu chija chokha chilipobe, ndimachiona popita kumaliro kutsidyako.

Apongozi anga ndinakhala nawo mudzi umodzi mpaka tsitsi langa kuyamba kuyera, ndipo sitinayankhulanepo maso ndi maso. Nkhope yawo ndinaiona kawiri kokha. Koyamba ndi kuseri kwa chulu kuja, pa moto wa mzungu. Kachiwiri ndi tsiku limene anatsegula bokosi kuti tiwatsanzike. Anthu ankayembekeza kuti mkamwini adutsa choweramitsa mutu. Ine ndinaima, ndinawayang'ana bwinobwino, ndipo palibe anandilipiritsa tambala.

Dzuwa lapendeka. Yamikani, tenga makeni awo, nazale sithiriridwa ndi foni.